MISIKA YA M'MAKOMBONI A LUSAKA: MBIRI YACE NDI PHUNZIRO LACE

Munthu amene alawira m'mamawa kukaima m'mbali mwa mseu wa Lumumba kapena wa Mungwi, mu mzinda wa Lusaka, aona khamu la anthu liri kuyenda, ena pansi ena panjinga, onse kulinga kumodzi. Acokera ku Matero, ku George ndi ku Kanyama, ndipo ali kunka ku dera la mafakitale lochedwa Heavy Industrial Area, kumene kuli mosungira mafuta, mofululira mowa, mocekera matabwa ndi mokonzera magalimoto akuru. Koma anchitowo pofika pa zipata apeza kuti ena anawatsogolera kale. Amai ayala zitumbuwa, mbatata zophika ndi cimanga coocha; mnyamata watsegula kantemba kace ka sopo, mcere ndi macesi; ndipo dzuwa likafika pamutu utsi wa mbaula uli tolo, nsima iri kupakulidwa.

Misika yaing'ono yotereyi sinalembedwe pa mapu a Khonsolo. Inamera yokha, pamene pali mapazi a anthu. Komatu m'mbiri ya mzinda uno zacitika kangapo kuti Khonsolo inamanga msika wa njerwa ndi malata ndi ndalama zambiri, matebulo ace nakhala opanda munthu, ogulitsa ali panja pa dzuwa. Cimene cicititsa zotere ncofunika kucidziwa, pakuti msika wa m'komboni ndiwo munda wa anthu a m'tauni. Mwamuna akacotsedwa nchito ku fakitale kapena ku mgodi, kawirikawiri banja lidya cifukwa ca tebulo la mkazi wace.

MZINDA WA ALENDO

Lusaka anayamba m'caka ca 1905, pamene omanga njanji anaika kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka. M'caka ca 1931 katswiri wa kamangidwe ka mizinda, Professor Stanley Adshead, anaitanidwa kucokera ku England kudzalemba maonekedwe a likulu latsopano, ndipo mu 1935 Boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Malo okwera a kum'mawa kwa njanji anapatsidwa kwa maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu. Kumadzulo kwa njanji, kumene dziko liri lathyathyathya ndipo pansi pace pali thanthwe la njereza, kunasiyidwira mafakitale.

Olemba mapuwo anayesa munthu wakuda mlendo m'tauni, wodzagwira nchito zaka zowerengeka ndi kubwerera kumudzi. Cotero nyumba za anchito zinali zocepa, ndipo eni mafamu ndi makontirakita analola anthu kumanga timisasa pa malo ao. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a anthu: George, John Laing, John Howard. Chawama nayenso poyamba anali kuchedwa dzina la Mzungu Roberts. Lamulo la 1948 ndilo linakakamiza makhonsolo kumangira nyumba anchito pamodzi ndi mabanja ao, ndipo Matero anamangidwa kuciyambi kwa zaka za 1950, pafupi ndi mafakitale, kuti wanchito azifika pa cipata ndi mapazi.

Malonda naonso anagawidwa monga mwa khungu. Masitolo a mu Cairo Road anali a Azungu, ndipo m'masitolo ambiri munthu wakuda sanali kulowa pakhomo iai. Anali kuima panja, nagula pa kazenera ka m'mbali, osaona bwino cimene ali kugula. Ku Kamwala kunali dera lochedwa Second Class, la masitolo a Amwenye, ndipo pafupi pace panali msika wa Luburma. Lamulo la misika la 1937 linaika misika m'manja mwa olamulira mizinda: iwo ndiwo anali kusankha malo, kuika msonkho ndi kuthamangitsa wogulitsa popanda cilolezo. Ndalama zokonzera zinthu za anthu akuda zinali kucokera makamaka ku phindu la nyumba za mowa za Khonsolo.

Nanga eni ace a misika anali ndi mau? Kuyambira 1938 ku Copperbelt kunakhazikidwa mabungwe a anthu akuda opatsa uphungu, ndipo pambuyo pace anafikanso m'mizinda ina ya m'njanji. Mabungwewa anali kudandaula za mitengo ya zinthu, madzi ndi misika, koma analibe mphamvu ya kulamula ngakhale kobiri limodzi. Ndipo makomboni a pa malo a eni mafamu, pokhala kunja kwa malire a Khonsolo, analibe msika wololedwa nkomwe. Kumeneko amai anangosankha mthunzi wa mtengo pa mphambano, nayala tomato ndi kapenta.

Mphamvu ya wogula inaoneka mu 1954, pamene cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi a Harry Nkumbula, mlembi wace wamkuru ali a Kenneth Kaunda, cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula nyama m'mabuchala a kazenera. Anthu anamvera, ndipo eni mabuchala anaona ndalama ziri kucepa. Mu 1956 kunyanyala kotere kunafika ku masitolo ena, mpaka ku Copperbelt. Pamenepo cinadziwika poyera kuti sitolo iima ndi anthu a m'komboni, ngakhale mwini wace awapeputse.

UFULU NDI KHADI LA CIPANI

Ufulu utadza pa 24 October 1964, citupa cinatha nchito ndipo anthu analowa mu mzinda mwaunyinji. Kalembera wa 1963 anapeza anthu 123,000 mu Lusaka. Wa 1969 anapeza oposa 260,000. Ndipo wa 1980 oposa 530,000. Mu 1970 malire a mzinda anakuzidwa, makomboni ambiri nalowa m'manja mwa Khonsolo.

Boma latsopano linafuna kuti malonda akhale a eni dziko. Pa msonkhano wa ku Mulungushi, m'mwezi wa April 1968, a Kaunda analengeza kuti malaisensi a masitolo a kunja kwa pakati pa mizinda adzapatsidwa kwa nzika za Zambia zokha, ndi kuti Boma lidzatenga gawo lalikuru m'makampani a masitolo akuru. Motero kunakhala masitolo a Boma monga ZCBC, Mwaiseni ndi NIEC. Caka cotsatira, mu August 1969, ku Matero komweko, analengezanso kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 a migodi ya mkuwa. Anthu ambiri a m'makomboni anatsegula magolosale pa nthawi imeneyo.

Koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, katundu anayamba kusowa. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinali kupezeka pa mzere wautali, ndipo amene anagula m'sitolo ya Boma m'mawa anali kugulitsanso madzulo pa mtengo wokwera. Pa nthawi yomweyo dziko linali pansi pa cipani cimodzi ca UNIP, ndipo misika yambiri inakhala m'manja mwa akuru a cipani ndi makopaletivu. Wofuna tebulo anayenera kuonetsa khadi la cipani. Lamulo la 1980 linalumikiza Khonsolo ndi cipani kukhala cinthu cimodzi, kotero kuti wogulitsa wodandaula za cimbudzi codzala analibe kwina kokanena. Kale anali kuchingidwa ndi khungu, tsopano anachingidwa ndi khadi.

M'zaka zomwezo, ca kumapeto kwa 1970, kumadzulo kwa pakati pa mzinda, ca ku Kanyama ndi Chibolya, kunamera msika umene palibe anaulemba pa mapu. Anthu anaucha Soweto, kutengera dzina la komboni yochuka ya ku South Africa. Unakula cifukwa malole a alimi anali kutsitsa katundu pomwepo, ndipo njira za anthu a m'makomboni a kumadzulo zinali kupita pomwepo. Mpaka lero amai ambiri ogulitsa ndiwo zamasamba m'makomboni amaoda katundu wao ku Soweto mbandakuca.

PHUNZIRO LA KU GEORGE NDI CHAWAMA

Pakati pa mabvuto amenewa panacitika nchito imodzi yoyenera kuikumbukira. Poyamba maganizo a olamulira anali akuti makomboni osaloledwa aphwasulidwe, anthu asamutsidwe. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu a ku Kalingalinga asamukire kumeneko, koma ambiri anakana kusiya malo ao, ndipo Kalingalinga anakhalabe. Boma linaona kuti njira ya kuphwasula iribe mapeto. Tsono mu 1974 linapanga lamulo lolola kuti komboni ibvomerezedwe, mwini nyumba napatsidwa cikalata ca kukhala pa malo ace zaka 30. M'caka comweco World Bank inabwereketsa madola 20 miliyoni, ndipo Khonsolo ya Lusaka inatsegula ofesi yapadera yokonza makomboni a Chawama, George, Chaisa ndi Chipata.

Cimene cinali cacilendo ndi kacitidwe kace. Ainjiniya sanalembe miseu ali mu ofesi. Panasankhidwa magulu a atsogoleri a m'komboni momwemo, ndipo iwo pamodzi ndi anchito a Khonsolo anayenda pansi, njira ndi njira, kupangana pamene mseu udzapita, pamene mpopi udzaima, ndi malo a sukulu, cipatala ndi msika. Mseu unali kukhota kuti upulumutse nyumba yabwino kapena chalichi. Amene nyumba zao zinali pa njira anapatsidwa mapuloti m'mbali mwa komboni yomweyo, kuti asatalikirane ndi abale ao ndi malonda ao. Bungwe la Akristu ochedwa Quakers, la ku America, linathandiza kuphunzitsa anchito oyenda pakati pa anthu. Mabanja ambiri anagwetsa okha nyumba zao nasamuka popanda cipolowe, cifukwa cigamulo cinali cao. Akuru anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mauwo anatsimikizika.

Kalingalinga anakonzedwa mwa njira yofanana kuyambira 1980, ndi thandizo la dziko la Germany. Lero amisiri a kumeneko amayala mipando, mabedi, zitseko ndi mafelemu a citsulo m'mbali mwa mseu wochedwa dzina la Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mau wokondedwa wa pa wailesi ya Lusaka. Mseuwo ndiwo sitolo yao, pakuti ogula apita pomwepo.

Nchitoyi inali ndi cilema cace, ndipo nacenso ciri phunziro. Anthu anayenera kulipira ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi kubwezera madzi ndi miseu, koma ambiri anasiya kulipira. Khonsolo inati iribe ndalama zocotsera zinyalala ndi kukonza mipopi popeza anthu salipira. Anthu anati salipira popeza saona galimoto la zinyalala. Anthu anafunsidwa pa kumanga, koma sanapatsidwa gawo pa kusunga. Ndipo Kanyama, wokhala pa thanthwe pamene madzi a mvula alibe kolowera, sanalowa m'nchitoyi. Mu 1978 madzi anasefukira kumeneko nagwetsa nyumba zambiri.

NYUMBA ZAZIKURU, MATEBULO OPANDA ANTHU

Cipani ca MMD citalowa m'Boma mu 1991, pansi pa a Frederick Chiluba, malonda anamasulidwa ndipo makampani a Boma anagulitsidwa. Katundu wa kunja anadzala, mafakitale ambiri anatsekedwa kapena kucepetsa anchito, ndipo ku migodi nakonso anthu zikwi zambiri anacotsedwa. Ambiri a iwo anatembenukira ku tuntemba ndi salaula. Kwa anthu a ndalama kunadza masitolo atsopano: Shoprite inatsegula mu Cairo Road mu 1995, ndipo Manda Hill mu 1999. Ogulitsa osauka anadzala m'miseu ya pakati pa mzinda, ndipo mu 1996 ku State House kunatsegulidwa ofesi yoona za iwo.

Mu 1997 panatsegulidwa City Market, nyumba yaikuru yokongola pafupi ndi Soweto. Koma matebulo ambiri anakhala opanda eni, cifukwa ogulitsa anati msonkho wace ngwokwera ndipo ogula ali kunja. M'mwezi wa April 1999 apolisi ndi anchito a Khonsolo anaphwasula tuntemba ta m'miseu ya pakati pa mzinda, nalamula onse kulowa m'misika. Sipanapite zaka zambiri, miseu inadzalanso. Madzi saiwala khwawa. Khonsolo inayesanso njira ina, ya kubwereketsa malo a msika kwa makampani kuti amange ndi kulandira lendi: Luburma anapatsidwa kwa kampani ya ku China kwa zaka 65. Nyumba zinamangidwa ndithu, koma ogulitsa ang'ono ambiri anadandaula kuti lendi ya masitolo atsopano sangaithe.

Lamulo latsopano la misika ndi masiteshoni a mabasi linapangidwa mu 2007, nalowa m'malo mwa lija la 1937. Linati misika iyendetsedwe ndi makhonsolo kapena mabodi, momwe ogulitsa adzakhala ndi owaimira. Koma m'misika yambiri mabodiwo sanaikidwa, ndipo anyamata a cipani colamula, ciri conse cimene cinali pampando, anali kugawa malo ndi kutolera ndalama. Msonkho unali kuturuka tsiku ndi tsiku, koma sunali kubwera monga mpopi kapena cimbudzi.

Mtengo wa kunyalanyaza kumeneku unalipidwa mu 2017. M'mwezi wa July moto unapsereza City Market, ndipo katundu wa ogulitsa ambiri anasanduka phulusa. M'mwezi wa October nthenda ya kolera inabuka, nigwira kwambiri makomboni a Chipata ndi Kanyama. Pofika January 2018 asilikari anali m'miseu kucotsa ogulitsa, misika inatsekedwa kuti itsukidwe, ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku ndi kugulitsa panja. Anthu ausiwa, pokhala opanda copezera cakudya, anacita cipolowe. Zimbudzi ndi ngalande zimene zikadamangidwa ndi msonkho wa zaka zambiri zikadacepetsa maliro ndi njala yomwe.

Komabe ku Kanyama komweko kuli umboni wakuti anthu a m'komboni adziwa kusunga cinthu cao. Kuciyambi kwa zaka za 2000, ndi thandizo la bungwe la CARE, kunakhazikidwa Kanyama Water Trust, bungwe logulitsa madzi pa timipopi ta m'komboni, m'mene eni mudzi ali ndi owaimira pamodzi ndi Khonsolo ndi kampani ya madzi ya mzinda. Anthu alipira pa cigubu ciri conse, cifukwa aona madzi ali kuturuka. Amene anakana kulipira m'zaka za 1970 ndi amene alipira tsopano ndi mtundu umodzi wa anthu; cimene cinasintha ndico cakuti ndalama ioneka kumene ipita.

ZIMENE MBIRI IPHUNZITSA

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu Lusaka, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni. Zida zokonzera misika yao ziripo. Lamulo la makhonsolo la 2019 linaika makomiti a citukuko m'wadi iri yonse, osankhidwa pakati pa eni mudzi. Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti anyamata a zipani acoke m'misika ndi m'masiteshoni, makhonsolo natenge ulamuliro. Ndipo mu 2022 thumba la citukuko ca dera la phungu ali yense, lochedwa CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Koma lamulo ndi ndalama zinalipo kalenso, misika nikhalabe yauve. Cotsala ndi kacitidwe, ndipo mbiri yaonetsa zinthu zinai.

Coyamba, msika uyenera kumangidwa pamene anthu apita kale. Msika wa Buseko, pafupi ndi Matero ndi mafakitale, udziwika ndi matabwa, mapaso ndi udzu wofolera cifukwa malole afika mosabvuta ndipo amisiri ali pafupi. Khonsolo yanzeru iyamba yayenda ndi ogulitsa ndi ogula, monga anacitira ku George ndi Chawama, isanakumbe maziko.

Caciwiri, zinthu zazing'ono zitsogole. Wogulitsa nsomba afuna mpopi, cimbudzi, ngalande, denga losadontha, nyali ya usiku ndi malo otsekera katundu wace. Zimenezi ziposa khoma lalitali ndi cipata cokongola, ndipo mtengo wace ngwocepa.

Cacitatu, msonkho uwerengedwe poyera. Komiti ya msika, yosankhidwa ndi ogulitsa eni ace, ndipo amai amene ali ambiri pa matebulo ali m'kati mwace, iyenera kudziwa ndalama zolowa mwezi uli wonse ndi gawo lotsala pa msika pomwepo. Wolipira alandire lisiti la Khonsolo, ndipo tebulo lipatsidwe mwa mndandanda, osafunsa mtundu kapena cipani.

Cacinai, wogulitsa akhale ndi cikalata ca malo ace. Ku George anthu atalandira cikalata ca zaka 30 anayamba kugwetsa nyumba za dothi ndi kumanga za mabuloko, popeza mantha a kuphwasulidwa anatha. Momwemonso mwini kantemba amene adziwa kuti sadzathamangitsidwa mawa adzaika simenti pansi, nadzasesa pakhomo pace.

Mau amenewa sali a Lusaka yekha. M'matauni a migodi, kumene nchito zambiri zimene kampani inali kucitira anchito ace zinagwera makhonsolo migodi itagulitsidwa, funso liri lomweli, kuyambira ku Chisokone wa ku Kitwe kufikira kamsika ka m'sekishoni. Mai uja woyala zitumbuwa pa cipata ca fakitale mu mseu wa Mungwi adziwa ora limene anchito apita, cimene agula pa kutha kwa mwezi, ndi pamene madzi aima mvula ikagwa. Khonsolo imene ifuna kuutsa msika wa m'dera lace iyenera kuyamba ndi kumfunsa iye, ndi kumpatsa mpando pa tsiku la kuwerenga ndalama.